Amalume apuma pa ntchito

Amalume anga apuma pa ntchito ya usilikali lero, ndiye kwathu ku Chinamwali nkhuku ziwiri zagona kale mumphika.

Anthu akamva zoti msilikali amaganiza za munthu wothamanga ndi mfuti kutchire. Amalume ayi. Iwo anali ofesala woyang'anira zida, ndipo zida zawozawo zinali makiyi, buku ndi cholembera. Atamaliza maphunziro ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, anadzakhazikika konkuno ku Cobbe Barracks. Mfuti iliyonse ili ndi nambala yake: ikamatuluka alembe, ikamabwerera alembenso. Zipolopolo kuwerenga chimodzichimodzi, ngakhale makoko ake anyamata akachokera koyeserera kuwombera. Chimodzi chikasowa, tsiku limenelo palibe woweruka. Mdani wawo wamkulu chinali chinyezi cha Zomba chino, poti onga ndi chitsulo sizimvana ndi madzi. Dzinja likafika sankagona tulo, kumangoyendera mosungiramo ngati mlimi wokayikira nkhokwe yake.

Nkhani yomwe satopa kuikamba ndi ya Operation Bwezani, Disembala 1993, pomwe asilikali analanda zida za Apayoniya, gulu la achinyamata la nthawi ya Kamuzu. Akuti anthu ankavina m'misewu, iwo ali chiweramire kulemba manambala a mfuti zolandidwazo mpaka maso kuchita chidima.

Vuto lake khalidweli anabwera nalo kunyumba. Makasu amawerenga, masupuni amawerenga. Chaka chatha ndinabwereka wilibala, anandisainitsa m'kope, ine mphwawo weniweni!

Mawa akuti tonse tikajambulitse pa chipilala cha KAR chokumbukira asilikali a nthawi ya atsamunda, 8 koloko. Wochedwa atsala.