Mmene ndimasankhira msewu ndisanalize galimoto

Ndikamapita kumalo amene sindinawazolowere, ndimayamba ndatsegula Google Maps galimoto isanalire. Imandipatsa njira ziwiri kapena zitatu, iliyonse ndi makilomita ake komanso mphindi zake. Makilomitawo ndimangowayang'ana mwapatalipatali. Diso langa limathamangira pa mphindi ndi pa mtundu wa mzere, chifukwa pofiira ndiye kuti magalimoto athithikana.

Kupeza njira yachidule si nkhani kwa kompyuta, masamu ake anawatulutsa kale Edsger Dijkstra wa ku Netherlands mu 1959. Koma kufupika kwa msewu sikunena kuti udikira pa maloboti angati, kapena kuti matayala ako akumana ndi maenje otani.

Ndiye ndimakulitsa mapu ndi zala ziwiri n'kuyamba kuona mphambano imodziimodzi. Apa ndiye ndimachedwapo. Mphambano yofuna kuti ndikhote modula magalimoto ochokera kutsogolo ndimaiopa kuposa mtunda woonjezera. Umaima pakati pa msewu, indiketa ikuphethira, wakumbuyo akuliza hutala, iwe khosi lili tolotolo kusaka mpata umene sukuoneka. Mafuta akupsa, ndipo ukatopa kudikira m'pamene umalowa mothamanga, ngozi n'kuchitika. Kampani ya UPS ku America imakonza maulendo a magalimoto ake onyamula katundu mopewa kukhota kotereku, ndipo ine ndikugwirizana nayo kwathunthu.

Kenako ndimaona nthawi. Msewu wodutsa pa sukulu ndimausiya ngati ana ali pafupi kuweruka.

Pali chinanso chimene madalaivala timachidziwa ngakhale sitichitchula: njira yachidule aliyense akuiona. Ikadzaza, ena amathawira kwina, nakonso kumadzaza, mpaka njira zonse zimene anthu akudzera zimatenga nthawi yofananako. John Wardrop wa ku Britain anafotokoza zimenezi mu 1952. N'chifukwa chake nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito, kusiyana kwa njirazo kumakhala kochepa kuposa mmene mapu amaonetsera poyamba.

Zikakhala choncho, ndimatenga msewu waukulu umene nthawi yake sisinthasintha, ngakhale uli wozungulira. Kuli bwino ndidziwe kuti ndifika liti kusiyana ndi kulowa kanjira kamene lero kakupulumutsa, mawa lole imodzi yafa n'kukatseka konse. Ndikasankha, foni ndimaiika pa choikira chake, ndipo sindiigwiranso pokhapokha nditaima pambali.