Uchi wathu wa m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi

Mayi anga anabadwira m'mudzi wina kwa Mfumu Vuso Jere ku Ntchisi, m'munsi mwenimweni mwa phiri. Ine ndinakulira ku Kawale mu Lilongwe, kumudzi ndinkangopita kukagwa maliro. Ntchito yanga ya m'sitolo itatha mu 2020, nthawi ya Covid-19, ndinatsala ndi tindalama tondipepesera komanso ana awiri ofunika fizi. Atsibweni, omwe ndi eni mbumba yathu, anandiimbira foni nati: "Mphwanga, malo a mayi ako angokhala tsala. Bwera udzaone wekha."

Ulendo wake ndi uwu: msewu wa M1 mpaka pa Mponela, kukhotera ku boma la Ntchisi, kenako phula amatha. Kotsalako ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, ndipo wokufikitsa pakhomo ndi wakabaza wa njinga yamoto.

Mmawa wotsatira atsibweni anandilowetsa m'nkhalango. Kumunsi ndi tchire lomwe tonse timalidziwa, la mombo, tsamba ndi masuku. Koma ukamakwera, mwadzidzidzi kumada ngati kunja kukucha kumene. Mitengo yake njaitali moti kuti uone nsonga uyenera kupendeketsa khosi, zilambe zili lendelende, kachere atakulunga mtengo unzake mpaka kuumeza. Pansi mpachinyezi ngakhale mu Okutobala, ndipo m'mwamba nchima zimalumpha osaoneka bwino, umangomva nthambi kugwedezeka. Atsibweni anaima pa kamtsinje, natunga madzi ndi manja, nati makolo athu ankabisala muno pothawa nkhondo ya Angoni, ndiye chifukwa chake nkhwangwa inkachita manyazi ndi malo ano. Boma la atsamunda linadzaiteteza mu 1924, komatu ulemu wake unayamba kale. Pobwerera tinatulukira poyera, nyanja ya Malawi ili ngwee kummawa.

Maganizo anga oyamba anali omanga zipinda zogona alendo. Atsibweni anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anafunsa funso limodzi: "Nanga mvula ikatseka msewu miyezi itatu, zipindazo mudzagona ndani?" Anandionetsa mng'oma wawo wakale wa khungwa, uli m'mwamba mwa mtengo. Uchi umadikira, iwo anatero. Suwola ngati tomato, sufuna magetsi, ungathe kukhala m'ndowa mpaka msewu utauma.

Sindinakhome msomali ndi umodzi womwe miyezi inayi yoyamba. Tinayamba kwa a nyakwawa, kenako kwa a gulupu, kenako komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi, kenako alangizi a zankhalango. Lamulo la zankhalango la 1997 limalola anthu oyandikana ndi nkhalango ya boma kugwirizana ndi boma pa kasamalidwe kake, kuphatikizapo kupachika ming'oma, koma pamafunika chilolezo, sikungolowa. Misonkhano inali yambiri, ina inkalephereka chifukwa cha maliro, ndipo mtima wanga wa m'tauni unkawira. Lero ndikuona kuti miyezi imeneyo ndi imene inatchinjiriza mpamba wanga. Mayi wina wachikulire anandifunsa pagulu kuti: "Inu amayi, mukapeza phindu, ife tidzangoona fumbi la galimoto yanu?" Yankho lake ndi mgwirizano womwe tikuyendera mpaka pano. Ine ndimagula matabwa, zovala zofulira ndi zofukizira utsi. Mng'oma uliwonse uli ndi mwini wake wa m'mudzi momuno, ndipo uchi ndimagula kwa iye pa mtengo womwe timagwirizana tisanayambe kufula, ndalama pompopompo.

Tinasiya ming'oma ya makungwa, poti kusenda khungwa kuzungulira thunthu ndiko kupha mtengo womwe njuchi zikudalira maluwa ake. Kalipentala wa pamudzi anatikhomera ya matabwa 30. Tinapaka phula pa timitengo ta pamwamba kuti fungo liitane njuchi, nkuipachika pa waya pakati pa mitengo iwiri. Chaka choyamba zinalowa mu 11 yokha.

Mavuto sanachedwe. Chiuli chinagwetsa ming'oma itatu yomwe tinapachika m'munsi kwambiri, mmawa tinapeza zisa zili mbwee, njuchi zitathawa. Mu Seputembala moto wa osaka mbewa unanyambita inayi. Koma chomwe chinandipweteka koposa chinali cholakwa chathu chomwe. Pofulumira kupeza ndalama tinafula zisa zomwe njuchi zinali zisanamate. Uchi wotero umakhala ndi madzi ambiri. Patapita masabata ochepa mabotolo anayamba kuchita thovu ndi kununkha ngati mowa, ndipo sitolo ina ya mu Lilongwe inandibwezera katundu yense. Ndinalira m'minibasi kuchokera m'tauni mpaka pa Mponela. Kuyambira pamenepo chisa chosamata timachibwezera mumng'oma, zivute zitani. Uchi sitiuwiritsa pamoto ngati kale, timangousefa ndi nsalu yoyera mu ndowa zotseka. Phula, lomwe anthu ankataya, amayi amaliumba kukhala makandulo ndi mafuta odzola.

Ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabotolo ndi zomatapo zinakwera moti tinayamba kugulitsa uchi wambiri m'ndowa kwa ogula mopikula. Phindu linachepa, koma palibe mlimi amene ndinamutenga uchi pangongole.

Alendo aja anadzabwera okha. Ogula uchi ena ankafuna kuona komwe ukuchokera, ndiye tinakonza nyumba ya malemu mayi, zipinda ziwiri, sola padenga. Amadya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera, m'dzinja bowa wa utale. Anyamata awiri amene kale ankaotcha makala ndiwo amawayendetsa m'nkhalango, ndipo amadziwa mtengo uliwonse ndi dzina lake. Wobwera ndimamuuziratu kuti atenge juzi ndi nsapato zolimba, ayembekezere linthumbu panjira, komanso kuti netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola. Pachulu pomwepo ndi pamene ndimalandirira malipiro a pa Airtel Money ndi Mpamba.

Anzanga a ku Joni ndi ku UK amandifunsa za kugula malo kuno. Ndimawauza mosabisa kuti malo ambiri ndi a mbumba, ndipo wokugulitsa mwamseri akugulitsa mlandu. Ndimawauzanso kuti wotumiza ndalama ali kutali osaponda kuno sapita nazo patali. Bwera, ugone, upite nawo kumaliro, anthu akudziwe nkhope.

Pano tili ndi ming'oma yopitirira 100 m'manja mwa mabanja 26, ndipo timafula kawiri, cha mu Juni ndi cha mu Novembala. Chaka chatha moto utabuka usiku kumunsi kwa phiri, palibe anaitana anthu. Ndinadzuka nditamva mapazi, ndipo nditasuzumira pakhomo ndinaona mzere wa matochi ukukwera, patsogolo pali mayi wachikulire uja wa funso la fumbi la galimoto, nthambi yaiwisi ili m'manja. Ming'oma yake isanu ili kumeneko.