15 Ogasiti, ku Langada pachilumba cha Ikaria

Lero ndi tsiku lalikulu kwa Akhristu a Orthodox kuno ku Greece, lokumbukira kugona (kumwalira) kwa Mayi Maria, ndipo midzi yambiri ya pazilumba imachita panigiri: mapemphero m'mawa, kenako kudya ndi kuvina. Ife tinapita ku ya ku Langada, chigwa cha kumadzulo kwa Ikaria kumene makolo a anthu a pachilumbachi ankabisala pothawa achifwamba a panyanja. Msewu wake ndi wafumbi, wokhotakhota, ndipo magalimoto anachuluka moti tinamalizitsa ulendo wapansi.

Khamu lake, achinyamata okhaokha! Ambiri ndi a zaka za m'ma 20, ochokera ku Athens pasitima ya pamadzi yonyamukira ku Piraeus, ena ogona m'matenti. Chowakoka si DJ ayi. Ndi vayolini ndi laouto, choyimbira cha nsambo cha khosi lalitali.

Gule wake ndi ikariotikos. Mumagwirana m'mapewa, mzere n'kumayenda mozungulira cha kumanja, ndipo anthu akachuluka umapindikira mkati, bwalo m'kati mwa bwalo linzake. Mapazi sapita patali, ntchito ili m'mawondo. Nyimbo imayamba mofatsa, kenako woyimba amaikoka, fumbi koboo, mapewa a anzako n'kumakunyamula ngakhale usakudziwa poponda. Ine ndinaima pambali kuti ndione kaye. Agogo ena anamasula dzanja paphewa la mdzukulu wawo n'kundikodola. "Lowa apa mwana wanga, usayang'ane pansi." Maphunziro onse anathera pomwepo.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake achinyamata sautaya gule ameneyu. Kwathu chimtali kapena malipenga ambirife timakaonera kukabwera mlendo wolemekezeka, ovina atavala yunifolomu, enafe tili pamipando kuwomba m'manja. Kuno kulibe nsanja, kulibe zovala zapadera, kulibe oonerera. Wa kabudula agwirana ndi nkhalamba ya zaka 80, ndipo nkhalamba zoterozo ndi zambiri, pajatu Ikaria imatchuka ndi anthu okhalitsa. Ukalakwitsa sitepe palibe akuseka, mzere umangokukonza wokha.

Masana tinagula nyama ya mbuzi, yoyeza pasikelo n'kukulunga m'pepala, ndi vinyo wofiira wa komweko, waukali ndithu. Ophika, odula nyama ndi operekera onse ndi anthu a m'mudzi ongodzipereka, ndipo phindu limapita ku ntchito za mudzi monga kukonza msewu kapena tchalitchi. Ndiye kuti mnyamata wa ku Athens wangobwerera chisangalalo uja nayenso wasonkhako.

Si onse okondwa. Bambo wina amene tinakhala naye benchi limodzi ankadandaula kuti alendowa achulukitsa, ena amangodumpha m'malo movina, foni ili m'mwamba kujambula za pa Instagram. Zoona zilimo, ndinawaona odumphawo. Koma vayolini itangoyambanso bamboyo anasiya kapu yake n'kukagwirana mapewa ndi omwewo.

Chakumadzulo oyimba anaponyamo tango ndi waltz, magule a awiriawiri amene pano anawalandira kalekale ngati awoawo, n'kubwereranso ku ikariotikos. Tinachoka kutada, anthu akadali m'bwalo. Panigiri ya kumudzi wa Christos Raches ya pa 6 Ogasiti inandiphonya, ndipo akuti imeneyo amavina mpaka dzuwa kutuluka. Mawa sitima tikakwerera kudoko la Evdilos, ngati miyendoyi ivomere kutsika phiri.