Mmene ndinayezera mpweya wa nayitirojeni wotuluka m'chipale cha ku Dome C

Ntchito yanga m'chilimwe cha ku Antarctica, nyengo imene dzuwa silimalowa, inali yoyeza mpweya wa NO ndi NO2 (mitundu iwiri ya mpweya wopangidwa ndi nayitirojeni ndi okosijeni) wotuluka m'chipale chofewa pafupi ndi siteshoni ya Concordia ku Dome C, malo okwera mamita oposa 3,200 amene amayendetsedwa ndi mayiko a France ndi Italy. Kale akatswiri ankakhulupirira kuti nitrate, mchere wokhala ndi nayitirojeni wochokera mumlengalenga, akagwera m'chipale amakhala momwemo osasinthanso, mpaka mu 1998 pamene gulu la Richard Honrath ku Summit m'dziko la Greenland linapeza kuti mpweya wa m'timipata ta chipale uli ndi NO ndi NO2 wochuluka kuposa mpweya wapamwamba pake. Chimene chimachitika n'chakuti kuwala kwa dzuwa kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet kumalowa m'chipale n'kuphwanya nitrate, ndipo zotsalira zake zimakwera m'mwamba ngati mpweya.

Choyamba chinali kusankha malo, ndipo apa mpamene ntchito yonse imakomera kapena kuwonongekera. Mpweya umene ndinkaufuna ndi wochepa zedi, moti timauwerenga m'magawo a pa thiriliyoni, pamene utsi wa jenereta kapena wa galimoto ya dizilo umakhala nawo wambirimbiri. Choncho ndinaika zipangizo kumbali imene mphepo imachokera isanafike pasiteshoni, ndinkapitako wapansi ndikukoka katundu pachileyi, ndipo nthawi iliyonse imene mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera kusiteshoni, manambala onse a nthawi imeneyo ndinkawachotsa. Zimapweteka kutaya zimene wavutikira m'chisanu chotere, koma nambala yosakanikirana ndi utsi ilibe chimene ingatiuze za chipale.

Kenako ndinayala mapaipi apulasitiki ya Teflon okoka mpweya, lina pafupi kwambiri ndi nkhope ya chipale, lina pamtunda wa mita imodzi, ndipo lachitatu ndinalilowetsa m'chipale momwemo. Mapaipiwo ndinawakulunga ndi chophimba chakuda, chifukwa dzuwa lomwelo limene limaphwanya nitrate limaphwanyanso NO2 ali m'njira yopita kumakina. Paipi ya m'chipale imafuna kudekha, popeza ukakoka mwamphamvu umatsitsira pansi mpweya wakunja, ndipo umayamba kuyeza chinthu china. Makinawo amasakaniza NO ndi ozoni (mtundu wina wa mpweya wa okosijeni), ndipo ziwirizi zikakumana zimatulutsa kakuwala kofooka kamene chipangizo cham'kati chimawerenga. NO2 amayamba wawalitsidwa ndi nyale kuti asanduke NO asanawerengedwe. Pafupipafupi ndinkalowetsa mpweya woyera ndi mpweya wa m'silinda wodziwika kale mlingo wake, kuti nditsimikize kuti makina sanasochere. Kusiyana kwa milingo ya pamapaipi awiri apamwamba aja, kuphatikiza ndi mmene mphepo ikuvundukira, ndi kumene kumapereka kuchuluka kwa mpweya wochoka m'chipale.

Zimene manambala anaonetsa zimafuna kuziganizira bwino. Dome C ili pafupi ndi madigiri 75 kum'mwera, kotero ngakhale dzuwa silimalowa, limakwera masana n'kutsika usiku. Chipale chimatulutsa mpweya wambiri masana, komabe mpweyawo umachuluka pafupi ndi pansi chakumadzulo. Masana mpweya wotenthedwa umakwera n'kumwaza zonse m'mwamba, pamene madzulo pansi pakazizira mpweya umakhazikika, ndipo zotuluka m'chipale zimaunjikana m'mamita ochepa, monga mmene utsi wa moto wophikira umayandamira m'munsi pamudzi madzulo a mwezi wa June. Munthu woyeza pamtunda umodzi wokha angaganize kuti chipale chimagwira ntchito kwambiri dzuwa likapendeka, zimene si zoona.

Kuti ndionetse kuti wochititsa ndi ultraviolet osati kutentha, ndinaphimba chipale ndi mapepala awiri apulasitiki oonekera, lina lolola ultraviolet kudutsa ndi lina lomutsekereza. Pansi pa lotsekereza mpweya unkatsika, ndipo ndikalichotsa unkakweranso. Izi zikugwirizana ndi zimene Anna Jones wa British Antarctic Survey ndi anzake anaona pasiteshoni ya Germany ya Neumayer, kuti chibuma cha chipale chimatulutsa NO ndi NO2 motsatira kuwala.

Gawo lolemetsa thupi linali lokumba dzenje. Ndinavala chovala choyera cha thupi lonse, magolovesi ndi chophimba pakamwa, ndinasalaza khoma la dzenjelo ndi chopalira choyera, kenako ndinatapa chipale pa masentimita angapo alionse n'kuthira m'mabotolo otsukidwa bwino, kuyambira ndi kachikhungu kapamwamba kamene kamaphwanyika ukangokakhudza. Kachikhungu kameneka kali ndi nitrate wambiri, koma ukatsika masentimita makumi ochepa amakhala atatsala pang'ono. Kuwala kumachepa pafupifupi katatu pa masentimita 10 mpaka 20 alionse, ndipo popeza chipale chogwa pa Dome C pachaka sichikwana masentimita 10, nitrate amakhala zaka zingapo m'chigawo chofikidwa ndi dzuwa asanakwiririke. Wina mwa mpweya wotulukawo umasandukanso asidi n'kugwera pamwamba pomwepo, wina umatengedwa ndi mphepo, ndipo uli m'mwambamo umathandiza kupanga ozoni pafupi ndi pansi.

Mabotolo anayenda ali oundana mpaka kulabotale, kumene mabakiteriya amasandutsa nitrate kukhala mpweya wa N2O kuti makina ayeze mitundu iwiri ya nayitirojeni. Dzuwa limachotsa msanga nayitirojeni wa 14N wopepuka n'kusiya 15N wolemera, motero nitrate wotsala m'chipale cha ku Dome C amakhala ndi 15N wopitirira wa mumpweya wamba ndi magawo oposa 200 pa 1,000. Kwa ine umboni umenewu ndi wolimba kuposa wina uliwonse, chifukwa sudalira tsiku limodzi kapena mphepo ya tsikulo. Ayisi amene anaboola ku Dome C pa ntchito ya mayiko a ku Ulaya yotchedwa EPICA amasunga mbiri ya zaka pafupifupi 800,000, ndipo wofuna kuwerenga nitrate wa m'menemo ayenera kudziwa kaye kuchuluka kwa chipale chimene chinkagwa pa nthawiyo ndi mphamvu ya ultraviolet imene inkachifika, asananene kuti mpweya wakale unali ndi nayitirojeni wochuluka motani.