Ma snack bar opanda gluten: ine ndimayamba kuwerenga kumbuyo kwa paketi

Chiyambireni pamene dokotala anandiuza kuti ndili ndi matenda a celiac, amene thupi limadana ndi gluten, puloteni yopezeka mu tirigu, chakudya cha kunyumba sichinandivutepo kwenikweni. Ndimaphika ndekha, ndipo ndimadziwa chilichonse cholowa mumphika. Vuto limabwera njala ikandipeza ndili kutali, msonkhano watalika kapena ulendo wachedwa, anzanga akukhwasula mabisiketi ine ndikungomeza malovu. N'chifukwa chake m'chikwama mwanga simusowa ma snack bar awiri, tizakudya touma ta m'mapaketi towumbidwa ngati timitanda.

Kuti ndidziwe oyenera, ndinayamba ndapsa kaye. Tsiku lina ndinagula kamodzi kooneka bwino, kutsogolo atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti mulibe tirigu. Munali mpunga wofufumitsa, mtedza ndi uchi. Usiku womwewo mimba inatupa ngati ng'oma, ndipo ndinatha masiku atatu thupi lili lefu. Nditatulutsa kapepala kokutira kaja m'chikwama n'kukawongola bwinobwino patebulo, ndinapeza timawu tating'ono pakati pa mndandanda wa zosakaniza: barley malt extract. Chimera cha balere! Amachithira ku mpunga kuti ukome. Gluten sali mu tirigu yekha, alinso mu balere ndi rye, choncho "mulibe tirigu" ndi "mulibe gluten" ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Ena amati kachidutswa kamodzi sikangakuphe. Koma kwa ife a celiac, gluten akafika m'matumbo aang'ono, chitetezo cha m'thupi chimaukira matumbowo, ndipo tizala ting'onoting'ono timene timayamwa chakudya timafota. Mapeto ake magazi amachepa, munthu n'kumangotopa. Izi zimachitika ngakhale tsiku limene mimba sinawawe.

Pamene pagona nkhani ndi pa oats, chifukwa ma bar ambiri amawumbidwa ndi oats. Paokha oats alibe gluten, koma kawirikawiri amalimidwa m'minda yosinthana ndi tirigu kapena balere, kukololedwa ndi makina omwewo, n'kupitanso pa chigayo chimodzi. Ndiye ndikaona mawu oti oats okhaokha, ndimabweza pa shelefu. Ndimatenga okhawo olembedwa kuti gluten free oats, kutanthauza oats opanda gluten. Palinso anzathu ochepa amene ngakhale oats oyerawo amawadwalitsa chifukwa cha puloteni yotchedwa avenin. Mwamwayi ine sandivuta.

Mawu oti gluten free ndimawakhulupirira chifukwa ali ndi muyezo wake. Ku European Union ndi ku United States, kumene bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA linakhazikitsa lamuloli mu 2013, malire ake ndi mamiligalamu 20 a gluten pa kilogalamu ya chakudya. Ndikaonanso chizindikiro cha ngala yodutsidwa mzere, chimene mabungwe a odwala celiac ku Ulaya amapereka, mtima umakhala pansi.

China chimene chinandisokoneza kwa miyezi ingapo n'choti bar ina yopanda gluten inkandidzazabe mpweya m'mimba. Ndinkangoti andinamiza. Kenako ndinazindikira kuti vuto linali maltitol ndi inulin wochokera ku mizu ya chicory, zimene amaika pofuna kuchepetsa shuga ndi kuwonjezera fiber. Sizowononga matumbo ngati gluten, koma mimba yanga imazikana.

Masiku ano ndimakonda ma bar a zipatso za kanjedza zosinja pamodzi ndi ma almond kapena ma cashew, a zosakaniza zitatu kapena zinayi basi. Mndandanda wake ndimautha m'kanthawi kochepa, amakhutitsa, komanso sasungunuka m'chikwama ngati okutidwa ndi chokoleti aja. Ndimagula bokosi lathunthu ndili wokhuta, chifukwa ndikakhala ndi njala maso amangothamanga pa zilembo.

Ngakhale mtundu umene ndauzolowera ndimauwerengabe ulendo uliwonse. Mwezi watha ndinapeza kuti pa umodzi mwa mitundu imene ndimaidalira awonjezera chenjezo loti mwina mungakhale tizidutswa ta tirigu, ndipo mawu oti gluten free awachotsa. Bokosi lonselo ndinalisiya pomwepo.