Gemu yanga ya matendala, ndi zomwe yandiphunzitsa

Semesita ino tinauzidwa kuti aliyense aganize gemu ya pafoni, alembe malamulo ake, aiyese kaye papepala asanakhudze kompyuta. Anzanga ambiri anathamangira bawo ndi mpira. Ine ndinasankha matendala. Wosewera ali ndi kageni kake mu Zomba muno ndipo akufuna kumagulitsa katundu kuboma, kaya nyemba kusukulu yogonera komweko, kaya mapepala ndi inki kumaofesi.

Gemu siyenda popanda malamulo, ndiye ndinakhala pansi kuwerenga mmene boma limagulira zinthu. Lamulo la 2017, lomwe linabweretsa PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka zinthu m'boma, linati magawo 60 pa 100 a matendala opikisanirana m'dziko muno azipita kwa Amalawi enieni. Mu 2020 kunabweranso MSME Order, yosungira mabizinesi ang'onoang'ono zinthu zina zomwe boma limagula. Pomva zokhazi munthu ungati khomo lili pululu.

Koma gawo loyamba la gemuyi ndi mapepala okhaokha: kulembetsa bizinesi, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, satifiketi yosonyeza kuti ulibe ngongole ya msonkho, satifiketi ya PPDA, akaunti yakubanki. Chimodzi chikasowa kapena chikatha mphamvu, kotesheni yako imagwa asanaone n'komwe mtengo wako. Pa zogula zing'onozing'ono ofesi imafuna makotesheni osachepera atatu, ndipo imasankha ndi komiti yamkati, ya IPDC. Izi kuziika mu gemu sizinavute.

Pomwe pali nkhani ndi pamene LPO, chikalata chomwe ofesi imakupatsa poitanitsa katundu, yafika m'manja. Katundu umagula ndi ndalama zako, thiransipoti ndi yako, wakapereka, wasainitsa, kenako uyambe kudikira. Ndinadula makadi pakatoni, zitsekerero za mabotolo n'kukhala ndalama, ndipo khadi lina ndinalemba kuti "malipiro achedwa, dikira maulendo atatu". Tinasewera pakhonde ku Matawale. Anzanga onse ankalimbirana tendala yaikulu ya chimanga. Woipeza ankakuwa ngati wagoletsa chigoli, koma pakangopita kanthawi zitsekerero zatha, lendi ya shopu yakwana, uyo wagwira khadi la katapila. Anapambana ndi azakhali anga, omwe akhala akusapulaya ndiwo zamasamba kwa zaka zambiri. Iwo matendala aakulu ankangowadutsa, n'kumatola ting'onoting'ono, kwinaku akuponya kangachepe kubanki mkhonde. Nditawafunsa chifukwa chake anangoti, "Iwe mwanawe, LPO sagulira ufa."

Apa m'pamene ndinagamula kuti chachikulu pasikirini chikhale ndalama zomwe zili m'thumba lero, chiwerengero cha matendala opambana chikhale pakona ndi tizilembo tating'ono. Maphunziro ambiri a zamalonda omwe ndamvapo amalimbikira za kapezedwe ka tendala. Za mmene upulumukire pakati pa tsiku lopereka katundu ndi tsiku lolandira ndalama amangodutsapo, chonsecho anthu amagwera pamenepo.

Tinakangana m'kalasi ngati muikidwe batani la chiphuphu. Ena ankati ndiphunzitsa ana zoipa. Ine ndaliika, chifukwa gemu yonamizira kuti zimenezi kulibe palibe angaikhulupirire. Koma ukalidina, m'mulu wa makadi mumalowa khadi la ACB, ndipo likakutulukira bizinesi yako imaletsedwa kupikisana nawo.

Za kompyuta sinditalikitsa. Ndikugwiritsa ntchito Godot, pulogalamu yopangira magemu, poti ndi yaulere. Gemuyi iyenera kukhala yopepuka, yotheka pa itel kapena Tecno yotchipa, ndipo iziseweredwa popanda intaneti, popeza palibe angawononge bandulo yake pa gemu ya makotesheni. Kuti uike gemu pa Google Play umalipira madola 25 kamodzi kokha polembetsa. Ndalama imeneyo idikire kaye. Sabata yamawa ndikatenga makadi anga kumsika waukulu, ndikaone ngati amayi ogulitsa nyemba angamvetse malamulo ake ndisanawafotokozere kawiri.