Anthu anga anayamba kuima pansi nditakopa Michelangelo

Kwa zaka zambiri munthu aliyense amene ndinkamujambula ndi pensulo ankathera m'maondo. Ndinkayambira diso, kenako mphuno, n'kutha ola lathunthu ndikukometsa tsitsi, pofika ku miyendo pepala latha. Amene anandichotsa m'chizolowezi chimenechi ndi mdala wina wolemba zikwangwani pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata. Anatsegula buku langa tsamba ndi tsamba ali duu, kenako anati, "Mphwanga, anthu akowa nkhope ali nazo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene waponda pansi. Pita ukakope kaye kwa amene ankaidziwa ntchitoyi."

Zinandiwawa, poti kusukulu kukopa unali mlandu wa chikwapu. Pambuyo pake ndinamva kuti wojambula wotchuka Vincent van Gogh naye, poyamba ntchitoyi mu 1880, anakhalira kukopa zojambula za Charles Bargue zimene zinasindikizidwa ku Paris kuti ophunzira azizitengera, ndipo anazibwereza kangapo. Mtima unakhala pansi.

Choyamba chinali kusankha chokopa. Ndinasiya zithunzi za penti, chifukwa penti imakwirira mizere imene katswiri anayambira. Ndinafuna za choko ndi makala, zimene dzanja lake limaonekera poyera. Nyumba yosungira zaluso ya Metropolitan ku New York inatsegula zithunzi zake zambiri pa intaneti mu 2017 kuti aliyense azitenga ulere. Ndinakopera zingapo pafoni n'kukaziprinta pa A4. Kukopa kuchokera pafoni ndinayesa, n'kutaya nthawi. Ukakulitsa phewa, mwendo wasowa, ndipo sikirini imazima pomwe wagwira mzere. Mtsikana wa poprintira anaseka chobisa ataona kuti anthuwo ndi osavala, ndipo kunyumba ndinkawabisa pansi pa matiresi kuopa amayi.

Pepala limene ndinakhala nalo mwezi wathunthu ndi limene Michelangelo, katswiri wakale wa ku Italy, anakonzekera nalo chithunzi cha Libyan Sibyl cha padenga la Sistine Chapel ku Vatican, denga limene analipenta kuyambira 1508 mpaka 1512. Padengapo ndi mkazi wovala, wanyamula buku lalikulu, koma papepalali, lojambulidwa ndi choko chofiira, ndi mnyamata wavula malaya, watifulatira, mikono wakweza. Chimene chinandigwira mtima chili m'munsi mwa pepalalo, pamene anajambula phazi palokha, n'kubwereza chala chachikulu kangapo pambali. Munthu wotchuka chotero, kuvutika ndi chala! Nditachikopa m'pamene ndinaona chifukwa chake. Thupi lonse lopotokalo latsamira pa zala zakuphazi, ndipo chala chikalakwika munthuyo amaoneka ngati akuyandama.

Pepala lililonse ndinkalikopa kanayi. Koyamba mphindi ziwiri zokha, ndi khala la pambaula pa pepala la khaki lokutira mabuku, kungotsata msana kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, nkhope osaikhudza n'komwe. Kachiwiri ndi pensulo ya HB, mwapang'onopang'ono, ndikuyeza. Ndimatambasula mkono wonse, kutsinzina diso limodzi, kutenga kutalika kwa mutu ndi chala chachikulu papensulo, n'kuwerenga kuti mituyo ikulowa kangati m'thupi. Kachitatu ndinkasanjikiza changa pa cha katswiri n'kuziika pa galasi la windo masana. Apa m'pamene manyazi amagwira, chifukwa kuwala sikunama. Ine nthawi zonse mutu unkakula ndipo mapewa ankachepa. Kachinayi ndinkatembenuza pepala lake n'kujambula za m'mutu. Chimene chasowa pamenepo ndiye kuti sindinachimvetse, ndinangochilondola ngati mwana wolondola mapu.

Mdala uja anandipatsanso chida cha amisiri omanga, ulusi womangirira nati ya njinga. Ndinaulendewetsa patsogolo pa chithunzi cha David, chiboliboli cha mwala chimene Michelangelo anachimaliza mu 1504. Ulusi wochokera pa kadzenje ka pansi pa khosi unagwera pa phazi lamanja, limene lasenza thupi. Mbali yomweyo chiuno chakwera, phewa latsika. Zaka zonsezo ndinkajambula mapewa ndi chiuno zowongoka ngati mashelefu a m'golosale.

Vuto linabwera nditayamba kukhulupirira mapepala kuposa maso anga. Mabuku ophunzitsira amakonda munthu wotalika mitu 8, pamene anthu ambiri amathera pa 7 ndi theka kapena kuchepera. Tsiku lina mlongo wanga akuchokera kumjigo ndinamupempha aime ndi ndowa kumutu. Ndinamujambula mitu 8, mapewa a mnyamata wa Michelangelo. Atayang'ana anati, "Achimwene, ameneyu ndi wa mpira wa ku Lusaka, si ine." Ndinatenga ulusi uja. Munthu wosenza madzi sapendama ngati David. Khosi limawongoka ngati mtengo wa bulugamu, chibwano chimalowa pang'ono, ndipo kugwedezeka konse kumapita m'chiuno kuti madzi asakhavukire. Miyendo nayo yabisika m'chitenje, umangoidziwira pomwe nsalu yakoka pa bondo. Zimenezi pa mapepala anga a ku Italy panalibe, koma kafufuzidwe kake ndinakatenga komweko, kofunsa kaye kuti kulemera kwagwera phazi liti.

Nditapita ku Lusaka ndinalowa m'nyumba ya zaluso yotchedwa dzina la Henry Tayali ku Showgrounds. Tayali, wojambula wa kuno ku Zambia amene anamwalira mu 1987, ankakonda kujambula chikhamu cha anthu wamba. Kuyambira pamenepo ndinayamba kukopanso anthu ovala, ali pagulu, wina ataphimba mnzake theka.

Masiku ano m'mawa ndimakopa katswiri theka la ola, madzulo ndimakhala pambali pa msika ndi pensulo ya 2B. A njinga zonyamula anthu ndi amene amandiphunzitsa kwambiri, makamaka akamadikira kasitomala phazi limodzi lili pansi, linalo papedulo. Sakhalitsa, ndiye msana ndi phazi ndiyenera kuzigwira asananyamuke.

Mu February ndinatenga buku ku Nc'wala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni. Ovina ingoma anandigonjetsa. Mwendo ukakwera, ndisanatsitse pensulo waponda kale, fumbi kobo. Pa masamba 30 amene ndinadetsa, atatu okha ndi amene ndinalimba mtima kukamuonetsa mdala uja. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuloza limodzi ndi chala chopaka penti.

"Uyu yekha waponda. Enawa bwerera nawo chaka chamawa."